Lupanga Limene Gwakisa Sanalinyamule

Sekani, sekani mpaka mano agwe, koma amene akuti ine Ambokile ndimanama aimirire pano ndimuone nkhope! Inu Che Yusufu, ndakuonani mukutsinzinira anyamata a kabazawa pamene ndatchula lupanga. Mwabwera ndi chitseko cha golosale yanu kuti ndikuwotcherereni, magetsi azima, makina ali zii, ndiye khalani pabenchipo, palibe kumene mukupita. Ine ndizisenda bango langali, inu muzimvetsera. Ndilankhula Chichewa chifukwa cha inu a ku Mangochi, kuti mawa musadzati mkulu uja anabisa bodza m'Chinkhonde. Ndikuti ndi manja awiri awa ndinasula lupanga limene silinaonekepo m'Karonga muno, ngakhale ku Kyela kutsidyaku, ndipo lupanga limenelo ndi limene linandidyera mwana wanga Gwakisa. Ayi, silinamuphe, musagwire pakamwa. Ali moyo, ali ku Dar es Salaam komwe inu mumakapikula katundu, ndipo chino ndi chaka chachisanu ndi chitatu chichokereni pakhomo pano.

Muyambe mwadziwa kuti ine si fundi wa m'mbali mwa msewu ayi, shedi ino ndi ya ukalamba chabe. Ndinali wowotcherera zitsulo ku mgodi wa Kayelekera, ndipo funsani aliyense amene anagwirako ntchito, chitsulo cholumikiza ine chimathyoka pena paliponse koma osati pamene padutsa ndodo yanga yowotcherera. Ndinkakhala kuphiriko masabata, n'kubwera kunyumba ngati mlendo, kudya mbalagha, nthochi zathu zophika ndi nyama, kugona, kubwerera. Mgodi utaima ndinatsika ndi makina angawa, ndikuti tsopano ndikhale ndi mwana wanga mmodzi yekhayo, ndimuphunzitse ntchito, adzalandire shedi. Ndinapeza mwana uja wamera ndevu, Folomu 4 wamaliza, mawu ake kwa ine ndi awiri basi, "Ena, Tata," ndiye kuti inde, ndi "Ayi, Tata." Kukacha ulendo kuseri kwa depoti, m'kachipinda ka magemu a pa TV, kubwerako dzuwa litapendeka, maso ali psuu. Ndipo amake anandinong'oneza kuti mnzake wina wa ku Dar akumuitana, chikwama anapeza kale, chili pansi pa bedi.

Tsiku lina masana, dzuwa lathu lija loti ukaika dzira pa lata limapsa n'kudzisenda lokha, ndinati ayi, lero ndikamukoka khutu pagulu. Ndinalowa m'kachipinda kaja, n'kupeza Gwakisa wagwira kachipangizo kamabatani, ndipo pa TV pali kamunthu koonda ngati bango la kudambo, timanja ngati ta udzudzu, koma kumsana kabereka lupanga lotambalala ngati chitseko chanuchi, lalitali kuposa mwini wake, ndipo kakalisolola ndi dzanja limodzi n'kulizunguza, zinjoka zamapiko zikugwa uku ndi uku ngati nthochi zodulidwa. Koma ine sindinachedwe ndi zinjokazo. Ndinayang'ana mwana wanga. Amamwetulira, anthu inu, kumwetulira kuja ndinakuona komaliza ali ndi zaka zinayi nditamupangira galimoto ya mawaya. Ndinamva nsanje, sindibisa, nsanje yeniyeni ya pamitala, ine munthu wamkulu kuchitira nsanje chithunzi.

Ndinati, "Iwe, chitsulo chimenecho anasula ndani?" Iye osatembenuka n'komwe, "Palibe, Tata, n'cha m'gemu. Padziko lapansi palibe fundi angapange lupanga limeneli." Mukumva? Palibe fundi! Pamaso panga, pamaso pa anzake! Ndinati, "Nanga ndikalipanga?" Apo ndiye anaimitsa gemu n'kundiyang'ana m'maso, koyamba chibwerereni kuphiri. Anati, "Mukalipanga, ine n'kulinyamula, ku Dar sindipita. Ndikhala, mundiphunzitse ntchito." Anzake anaseka, iye sanaseke. Ndinati pangano ndi pangano, tinagwirana chanza pomwepo.

Mawa lake ndinabwerera ndi tepi yanga yoyezera, chifukwa fundi sadula chitsulo asanayeze, zongoponya ndi za anyamata a masiku ano. Ndinauza mwini magemu aimitse chithunzi, ndinayeza pagalasi pomwepo: kamunthu kaja zala zinayi, lupanga zala zisanu, m'lifupi chala ndi theka. Zonse ndinalemba padzanja. Koma chitsulo chili ndi miyeso itatu, Che Yusufu, m'litali, m'lifupi ndi kukhuthala, ndipo kukhuthalako sikunkaoneka. Ndinazungulira kuseri kwa TV kuti ndikaone m'mbali mwake, ndinapezako mawaya ndi kangaude basi, anyamata aja n'kugwa pansi ndi phwete. Ndinafunsa kuti limalemera bwanji, palibe ngakhale mmodzi anali ataganizapo. Ndinati chabwino, chimene wojambula anasiya, fundi amaliza yekha.

Kunyumba amake Gwakisa anaona zolemba zija padzanja, anamva nkhani yonse, n'kuika lichero pansi. Anati, "Bambo a Gwakisa, tengani lata, mupinde, m'kati musiye mphako, mupake penti yonyezimira. Mwanayo alinyamule, akhale. Akufuna chifukwa chokhalira, simukuona?" Ine ndinalumpha ngati ndaponda moto. Lata? Mphako? Ine wa ku Kayelekera ndipange chidebe n'kumati lupanga, anthu adzagogode limve ngati ndowa? Ndinawauza kuti za kukhitchini zikhale za kukhitchini. Iwo anatola lichero lawo n'kungoti, "Ndadziwakale adamanga nyumba yopanda khomo."

Tsono imvani mmene ndinalisulira, ndipo amene ali ndi mtima wofooka atsamire khoma. Ndinayamba ndi mpeni wa giledala yosalazira misewu imene inafa n'kutayidwa m'mbali mwa msewu wa ku Chitipa, ndinaukokera kuno ndi mano chifukwa manja anali atanyamula masipuling'i a malole asanu ndi awiri a ku Songwe, ndiye poti zinachepabe ndinapita ku Chilumba n'kumira m'nyanja ndi mpweya umodzi kuyambira Lachiwiri mpaka Lachinayi kukazula nangula wa sitima yakalekale, nsomba zikundilondolera njira chifukwa zinali zitatopa kumenyetsa mitu pamenepo. Makala a boma lonse lino anatha, ndinapempha dzuwa la Okutobala litsike pang'ono, linatsika, n'chifukwa chake chaka chimenecho mango anapsa mitengo isanachite maluwa. Mvukuto unali wa zikopa za ng'ombe khumi ndi ziwiri, ndikaupopa kamodzi mabwato a ku Ngara ankapezeka ali ku Tanzania eni ake asanakwere, ndipo nyundo ikagunda azimayi a ku Kaporo sankavutikanso kusinja, ankangothira mpunga mumtondo n'kumacheza, mankhusu akuchoka okha. Miyezi itatu ndikumenya, kupinda, kuwotcherera, kumenyanso, ndipo poliziziritsa ndinaliviika mu Rukuru, mtsinje unawira kuchokera pamlatho mpaka kunyanja, anthu anatola nsomba zophikaphika masiku anayi, ena n'kumadandaula kuti ndinaiwala mchere. Mukumva? Munthu sathokoza.

Tsiku limene ndinaliimiritsa koyamba, nkhuku za ku Mpata zinalowa m'makola dzuwa lili paliwombo chifukwa cha mthunzi wake, mafoni a boma lonse anasowa netiweki, ndipo mtambo umodzi wopusa umene unkadutsa osayang'ana unang'ambika pamimba, mvula n'kugwa pa nyumba ziwiri zokha. Za kuthwa ndiye musanene. Ng'ombe ya mnansi wanga inangodutsa pamthunzi, inafika kwawo itametedwa mbali imodzi. Udzudzu unatera pamsonga, unagawikana pawiri, mbali ina inapita kukaluma abusa, ina inabwera kudzaluma ine. Iwe wa kapu yofiira, ukuti Gwakisa akanalephera bwanji kuliona lupanga lotere? Anali m'magemu, mbuli iwe! Amene ali m'magemu, ngakhale chivomerezi chimamudutsa.

Ndinati ndiliyese kaye pantchito ndisanamuitane. Mvula ya Malichi inakula, Rukuru anasefukira, madzi akubwera ngati khoma, atanyamula mbuzi, zitseko ndi mkulu wina amene anali akadali pampando akumeta ndevu, ndiye ine ndinaima pakati pa msewu, ndinasolola lupanga kumsana ndi dzanja limodzi ngati kamunthu kaja, n'kudula madziwo pakati, khaa! Theka linathawira kunyanja osacheuka, theka linaima chilili ndi manyazi, ndinalidula mapisi mapisi ngati buledi, azimayi anasenza pamutu popanda ndowa n'kukasanja kuseri kwa nyumba, ena anamwa mapisi amenewo mpaka chilimwe. Mkulu wa pampando uja anatsika, anandipatsa moni, n'kupempha kuti ndimumalizitse ndevu. Ndinakana, mutu wake ndinkaufunira zabwino.

Nthawi yokolola itakwana ndinapita ku Kaporo, kumene anthu anali atawerama ndi zikwakwa m'minda ya mpunga kuyambira kuphiri mpaka kunyanja, ndinawauza kuti gonani pansi nonse, anagona, ndinazunguza kamodzi kokha, fyuu, mpunga wonse wa chigwa chija unadulidwa, mphepo ya lupanga inaupuntha, mphepo yobwerera inaupeta, n'kuuthira m'matumba, ndipo wotsala unauluka kudutsa Songwe n'kukagwa ku Kyela ngati matalala. Mpaka lero a kumeneko amanyada kuti mpunga wawo ndi wonunkhira. Ndi wathu umenewo, ndinawatumizira ndine! Ndikulumbira pali malemu amayi anga, amene akukayika apite akafunse.

Basi. Tsopano tafika pa Loweruka limene ndinamuitana Gwakisa, ndipo apa musandiseketse. Lupanga ndinaligoneka pa mitengo iwiri panja apa, pomwe paima njinga zanupo. Mbiri inali itamveka, anthu anadzaza mpaka mumsewu, a kabaza, ogulitsa usipa, anzake a m'magemu. Gwakisa anatulukira cha kunyumba atavala ovolosi yanga yakale ya kumgodi, imene inkakhala m'sutikesi, popanda munthu womuuza. Miyendo anaipinda kawiri chifukwa inamutalikira. Amake ataona zimenezo anandiyang'ana, ine ndinayang'ana kumbali. Mwanayo analizungulira lupanga, analisisita kuchokera kumsonga mpaka kuchogwirira, ndipo kumwetulira kuja kunabwera, kwa ine tsopano, osati kwa TV. Anati, "Tata, mwalipangadi." Mtima wanga unafufuma ngati mandasi m'mafuta.

Analavulira m'manja, anagwira, anakoka. Lupanga duu. Anasintha mapazi, anagwiranso, mitsempha ya m'khosi inatuluka ngati zingwe, lupanga osasuntha ngakhale mpata woti nyerere ilowe. Kachitatu anagwada, analowetsa phewa pansi, anakankha mpaka m'manja munatuluka magazi, thukuta likugwera pachitsulo. Sanali kuchita masewera, anthu inu, ankafunitsitsa. Ndipo ine ndinali pati? Ndinali chilili apo, manja ndapinda pachifuwa, ndikuyang'ana anthu kuti aone kulemera kwa ntchito yanga, mpaka ndinaseka, ine, n'kunena mokweza kuti, "Chimenecho ndiye chitsulo, si za pa TV!" Gulu linaseka nane. Gwakisa anadzutsa mutu ali chigwadire, n'kunena motsitsa kuti ndimve ndekha, "Tata, simungandigwirireko mbali inayo?" Ine ndinati, "Pangano linali loti unyamule wekha."

Anaimirira, anavula ovolosi ija, anaipinda bwinobwino n'kuiika pamwamba pa lupanga. Lolemba m'mawa anatulutsa chikwama pansi pa bedi, anatsanzika amake, anabwera pashedi pano n'kuti, "Tsalani bwino, Tata." Ine ndinali ndavala chigoba chowotcherera kumaso, sindinachivule. Ndinamuona kudzera pa kagalasi kakuda kaja akukwera minibasi ya ku Songwe, ndipo mpaka lero ndikamukumbukira ndimamuona choncho, wakuda bii ngati kukubwera mvula. Amaimba foni, inde, amaimbira amake. Akuti amasenza matumba pamsika wa Kariakoo, mwana wanga, kusenzera anthu ena katundu. Amake akandipatsira foni, ndimangofunsa ngati kumeneko mvula ikugwa, iye amati ikugwa, basi tatha.

Che Yusufu, sendezani benchi kuno, anyamatawa asamve zonse. Chabwino, amve, ndakalamba. Za Rukuru zija, za mpunga zija, za mtambo zija, muzisiye pomwepo. Lupangalo linali lalitali ngati chitseko chanuchi n'kuwonjezera mkono umodzi, lokhuthala ngati njerwa, chitsulo chokhachokha mpaka m'kati. Kulitulutsa m'shedi muno kufika panja apo panafunika ng'ombe ziwiri ndi amuna asanu ndi mmodzi. Ine ndinali ndisanalinyamulepo, ngakhale tsiku limodzi. Ndipo pamene mwana uja anati ndimugwirireko, si pangano limene linandiletsa ayi. Ndinaopa kuti ndiwerama pamaso pa anthu onse aja, ndikoka, lupanga osasuntha, anthu n'kuona kuti nayenso fundi wa ku Kayelekera walephera. Mwina tikanalinyamula awiri, mwina ayi, koma tikanalephera limodzi. Chimenechi chimandidya usiku ndi usana, ndipo amake sanandinenepo ngakhale kamodzi, chimene chimapweteka kuposa kutukwanidwa.

Lachiwiri lake ndinatenga galainda. Ndinati ndilipale lipepuke, kuti akadzabwera pa Khirisimasi adzalinyamule. Ndinapala mpaka Khirisimasi, sanabwere. Ndinati mwina likulemerabe, ndinapitiriza. Magetsi akayaka, ndisanagwire ntchito ya munthu aliyense, ndinkayamba ndi lupanga, akazima ndinkatenga tupa. Fumbi lachitsulo linadzaza bwalo lino mpaka nkhuku za amake zinayamba kuikira mazira oti kuswa ndi nyundo, inde, limenelo mutha kuseka, ndakulolani. Chaka chachiwiri linkanyamulika ndi amuna awiri. Chaka chachinayi ndinalinyamula ndekha koyamba, ndinayang'ana uku ndi uku, panalibe wondiona. Chaka chachisanu linafanana ndi chikwanje. Khirisimasi iliyonse ndinkati chaka chino, ndipo ovolosi ija amake amaichapabe, ili pa msomali m'katimo.

Iwe wa kapu yofiira wakhala ukufunsa kuyambira kale kuti nanga lupangalo lili kuti. Uli ndi maso koma suona. Ndakhala ndikusendera chiyani bango langali? Ndi ili. Eya, kampeni aka. Seka, ndakuona ukufuna kunena kuti mipeni yotere ili mbwee pamsika. Bwera ugwire, uone ngati ya pamsika ili ndi mzere uwu pakati, apa ndi pamene giledala inakumana ndi nangula, ndipo sipadzathyoka. Galainda ndinaisiya kalekale. Tsopano ndimangopititsa tupa kamodzi patsiku, m'mawa, pang'onopang'ono, chifukwa ndayamba kuopa kuti litha iye asanabwere.

Aa, magetsi ayaka, mwamva wailesi ya kubutchala? Chitseko chanu ndichita pompano, Che Yusufu, ndipo chidzakhalitsa kuposa golosaleyo. Koma paja munati Lachisanu mukupita ku Dar. Mukafika pa Kariakoo mukafunse Gwakisa wa ku Karonga, wamtali, ali ndi chipsera m'dzanja lamanja. Musakamuuze za Rukuru kapena za mpunga, amandidziwa ameneyo, akangoseka. Mukangoti Tata akuti lupanga lija tsopano likunyamulika, ndipo ngati likulemerabe, iwo agwira mbali inayo.